Kuyamba kuthamanga uli ndi zaka za m'ma 40 kapena 50 kuno kwa Kasisi: zofunika kudziwa

Amalume anga ali ndi zaka 49 ndipo ali ndi golosale kufupi ndi pa Boma. Ntchito yawo ndi kukhala pampando kuseri kwa kauntala kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka usiku, kudzuka pokhapokha kasitomala akafuna sopo wa pashelefu yam'mwamba. Chaka chatha mutu unawavuta masiku anayi osamva Panado. Atapita kuchipatala, makina anaonetsa 162/98. Achemwali awo, omwe ndi mayi anga aakulu, anagwa ndi sitiroko ali ndi zaka 54 ndipo mpaka pano dzanja lamanja siligwira. Ndiye adokotala atawauza kuti amwe mankhwala, achepetse mchere komanso ayambe kulimbitsa thupi, mdalayo sanatsutse.

Vuto linali kayambidwe. Tsiku loyamba anavala jezi ya timu yawo, natuluka cha m'ma 8 koloko dzuwa litakwera kale, n'kuliyatsa liwiro ngati akadali mnyamata wa Fomu 3. Sanafike ndi patali pomwe. Anakhala pansi pa mtengo wa nimu, anasanza, ndipo masiku atatu otsatira ankayenda motsimphina. Madzulo a tsiku lachitatu anandiitana n'kunena kuti: "Mphwanga, iwe umakhalira kudinadina foni, tafufuza kuti anzathu amayamba bwanji zimenezi."

Ine si dokotala. Ngakhale kuyunivesite ndinasiyira panjira, nkhani ya fizi. Koma ndinawerenga, ndinafunsa azachipatala, ndipo kwa miyezi isanu ndakhala ndikudzuka nawo m'bandakucha. Zomwe ndapeza ndaziika pamodzi apa kuti inu amene muli ndi masteni, madala, amalume kapena azakhali omwe auzidwa kuti "muzichita masewera olimbitsa thupi" mukhale ndi poyambira. Mfundo yaikulu ndi imodzi basi: munthu wamkulu yemwe thupi linazolowera kukhala ayenera kuyamba pang'onopang'ono kuposa momwe mtima wake ukufunira, ndipo kuno kuchigwa ayenera kuopa dzuwa.

Nkhaniyi ikukhudza ndani?

Tisanamizane, anthu ambiri kwa Kasisi salowa m'gulu limeneli. Mayi amene amalima kudimba, kutunga madzi kumjigo ndi kusenza nkhuni, kapena bambo wopalasa kabaza wa njinga yakapalasa tsiku lonse, thupi lawo likugwira kale ntchito yokwanira. Amene ndikunena ndi aja ntchito yawo ndi yokhala: a m'maofesi a pa Boma, eni mashopu pa Dyeratu, madalaivala, a kabaza wa njinga yamoto, atelala, ogulitsa ma units, aphunzitsi omwe anagula kanjinga kamoto n'kusiyiratu kuyenda pansi. Ngati kukwera kamtunda kakang'ono kumawachititsa wefuwefu, kapena kumanga zingwe za nsapato kwasanduka ntchito chifukwa cha mimba, nkhaniyi ndi yawo.

Phindu lake n'chiyani?

Kafukufuku wa STEPS yemwe unduna wa zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pa Amalawi atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, m'modzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lomwe tonse timangoti BP. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. BP ilibe phokoso. Imaononga mitsempha, mtima ndi impso mwakachetechete mpaka tsiku lomwe munthu wangogwa.

Kulimbitsa thupi kumathandiza kutsitsa BP, kumathandiza thupi kugwiritsa bwino ntchito shuga, ndipo munthu amagona tulo tabwino. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewera apakatikati, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena masewera amphamvu, monga kuthamanga, kwa mphindi 75 mpaka 150 pa sabata. Mphindi 75 ndi mphindi 25 zokha katatu pa sabata.

Kafukufuku wina wa ku America yemwe anatuluka mu 2014 anatsatira anthu oposa 55,000 kwa zaka pafupifupi 15. Anapeza kuti mwayi womwalira ndi matenda a mtima kwa anthu othamanga unali wotsika ndi 45 peresenti poyerekeza ndi osathamanga, ndipo phindulo linaoneka ngakhale kwa amene ankangothamanga mphindi 5 mpaka 10 pa tsiku, pa liwiro lochepa.

Chenjezo: kuthamanga sikulowa m'malo mwa mankhwala. Amene anapatsidwa mankhwala a BP kapena a shuga apitirize kumwa mpaka achipatala atanena okha kuti asinthe.

Musanayambe, kayezetseni

Safunsa anadya phula. Munthu wa zaka zopitirira 40 yemwe wakhala zaka zambiri osathamanga ayambe wapita kuchipatala cha boma cha Chikwawa kapena chipatala chaching'ono chomwe ali nacho pafupi, akayezetse BP ndi shuga, ndipo akawauze achipatala kuti akufuna kuyamba kuthamanga. BP imatengedwa kuti ndi yokwera ikamafika 140/90 kapena kuposa. Ikafika cha m'ma 180/110, za kuthamanga ziyambe zaima mpaka itatsika ndi mankhwala.

Kuonana ndi dokotala n'kofunika kwambiri ngati munthuyo:

- amamva kuwawa kapena kuthina pachifuwa akagwira ntchito yolemetsa
- amabanika ngakhale akungoyenda pang'ono, kapena mapazi amatupa
- anakomokapo kapena amamva chizungulire pafupipafupi
- ali ndi matenda a shuga, a mtima, a impso kapena mphumu
- kubanja kwawo wina anamwalira mwadzidzidzi ndi mtima asanakalambe

Odwala shuga omwe amabaya insulin kapena kumwa mapilitsi otsitsa shuga azinyamula maswiti m'thumba, chifukwa shuga amatha kutsika kwambiri ali panjira. Mankhwala ena a BP amakodzetsa, ndiye omwa mankhwala amenewa madzi amawathera msanga m'thupi. Ndipo aliyense amene thupi latentha, kaya ndi malungo kaya chimfine chachikulu, asathamange mpaka atachira bwinobwino.

Ndondomeko ya masabata 9

Njira yomwe tinatsata si yanga ayi. Imatchedwa Couch to 5K, kutanthauza kuchoka pampando mpaka kuthamanga makilomita asanu. Anaikonza ndi Josh Clark wa ku America mu 1996 pofuna kuthandiza mayi ake, omwe anali ndi zaka za m'ma 50, kuti ayambe kuthamanga. Pano ngakhale bungwe la zaumoyo la ku Britain, NHS, limalimbikitsa anthu kuigwiritsa ntchito. Mwaona, eti? Nayonso inayamba ndi mwana wofuna kuthandiza kholo lake.

Chinsinsi chake ndi kuphatikiza kuyenda ndi kuthamanga. Mumachita katatu pa sabata, mwachitsanzo Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, n'kumapuma tsiku limodzi kapena awiri pakati. Tsiku lililonse muziyamba ndi kuyenda ndawala mphindi 5, n'kumalizanso ndi kuyenda mphindi 5.

- Sabata 1: thamangani masekondi 60, yendani masekondi 90, kubwereza mpaka mphindi 20.
- Sabata 2: thamangani masekondi 90, yendani mphindi 2, mpaka mphindi 20.
- Sabata 3: thamangani masekondi 90, yendani masekondi 90, thamangani mphindi 3, yendani mphindi 3. Zonsezi kawiri.
- Sabata 4: thamangani mphindi 3, kenako 5, kenako 3, kenako 5, mukuyenda pang'ono pakati pake.
- Sabata 5: tsiku loyamba mphindi 5 katatu, lachiwiri mphindi 8 kawiri, lachitatu mphindi 20 osaima.
- Sabata 6: tsiku loyamba mphindi 5, 8 ndi 5, lachiwiri mphindi 10 kawiri, lachitatu mphindi 25 osaima.
- Sabata 7: mphindi 25.
- Sabata 8: mphindi 28.
- Sabata 9: mphindi 30.

Simufunika wotchi yodula. Ngakhale kafoni ka mabatani kali ndi stopwatch.

Ngati munthu sangathe kuyenda ndawala mphindi 30 osapuma, ayambe ndi kuyenda kokha masabata awiri kapena atatu. Ife tinatero. Ndipo sabata ikavuta, ibwerezeni. Amalume sabata 4 anaibwereza katatu, moti masabata 9 aja kwa iwo anakhala 14. Palibe amene anawalanda satifiketi.

Masiku opuma musawadumphe, ngakhale mdala atanena kuti akumva mphamvu. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, m'masabata ochepa chabe, pomwe mafupa, mawondo ndi mitsempha ya kuchidendene zimatenga miyezi. Anthu ambiri amavulala nthawi yomwe mpweya wayamba kukwana koma miyendo isanalimbe.

Liwiro loyenera ndi liti?

Njira yosavuta yodziwira ndi kulankhula. Ngati mukuthamanga n'kumatha kunena chiganizo chonse, monga "mawa ndipita ku Limbe kukaoda katundu", liwiro lili bwino. Ngati mawu akutuluka limodzilimodzi, mwathamangitsa, chepetsani. Poyamba liwirolo limaoneka lochititsa manyazi, mwana wopita kusukulu amatha kukupitirirani akungoyenda. Zilibe kanthu. Pondani mafupimafupi, thupi likhale chilili, mapewa omasuka, maso kutsogolo.

Apa mpamene ife achinyamata timalakwitsa. Ukamaperekeza munthu wamkulu usamatsogole, chifukwa iye safuna kuoneka wofooka pamaso pa mwana, ndiye amadzikakamiza. Khala pambali pake kapena kumbuyo pang'ono, uzimucheza. Akasiya kuyankha, nthawi yoyenda yakwana.

Dzuwa la kuno si masewera

Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu a kumayiko ozizira. Ngakhale wa ku Blantyre, pamtunda pompa, sadziwa zomwe timakumana nazo tikatsika Thabwa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40. Thupi lothamanga limapanga kutentha kwakekwake, ndipo kunja kukatentha chonchi thukuta limalephera kuliziziritsa. Munthu wonenepa, wamkulu komanso wosazolowera ndi amene amagwa msanga.

Nthawi yabwino ndi m'bandakucha, kukangoyamba kuyera. M'nyengo yotentha dzuwa limatuluka 5 koloko itangopitirira, ndiye pofika 6 koloko mukhale mutamaliza. M'miyezi ya Juni ndi Julayi limatuluka cha m'ma 6 koloko ndipo kumakhala kozizira bwino. Imeneyi ndiye miyezi yabwino kwambiri yoyambira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kuti pomwe kutentha kuzifika thupi likhale litazolowera. Madzulo pambuyo pa 5 koloko n'kotheka, koma nthaka imakhala ikadali yotentha ndipo mdima umagwa msanga.

Imwani kapu imodzi kapena awiri a madzi musananyamuke, ndipo mukabwerako imwaninso. Mkodzo ndiwo umanena zoona: ukakhala woyererako zili bwino, ukakhala wachikasu kwambiri madzi achepa. Ngati usiku munali kumowa, m'mawa wake gonani, musathamange. Zakumwa za m'mabotolo zija amati zopatsa mphamvu sizofunika pa mphindi 30, ndipo zambiri zadzaza shuga ndi caffeine, zomwe wa BP sakuzifuna.

Zizindikiro zoti kutentha kwamugonjetsa munthu ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi kukokana kwa minofu. Muikeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumthire madzi ndipo amwe pang'onopang'ono. Akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka, moyo uli pachiswe: mthireni madzi thupi lonse, mumkupize, ndipo mupeze galimoto kapena njinga yamoto yopita naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Kothamangira

Malo abwino oyambira ndi bwalo la mpira la pasukulu yapafupi. Ndi lathyathyathya, kulibe magalimoto, ndipo ukatopa kunyumba ndi pafupi. Kuzungulira bwalo lalikulu la mpira kamodzi ndi mamita pafupifupi 350, ndiye katatu ndi kilomita imodzi. Misewu yafumbi ya m'midzi nayo ndi yabwino ku mawondo kuposa tala, bola kupewa mchenga wambiri, womwe umatopetsa akakolo, ndi matope a nthawi ya dzinja.

Msewu wa M1 ndi wotanganidwa ndi mathiraki, maminibasi ndi njinga, ndipo m'mawa kukadali kamdima madalaivala sakuonani bwino. Ngati palibe kuchitira mwina, thamangani kudzanja lamanja kuti muziona magalimoto akubwera kutsogolo kwanu, valani malaya owala, ndipo ma earphone asiyeni kunyumba. Chimodzimodzi pa msewu wopita ku Majete ndi ku Kapichira.

M'mphepete mwa Shire m'mawa kumaoneka kokongola, koma tonse tikudziwa za ng'ona ndi mvuu. Kutalikirana nako. Galu akakuthamangitsani imani, musamuyang'ane m'maso, bwererani pang'onopang'ono. Akakulumani tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe. Amayi ndi bwino kuthamanga awiri kapena atatu, makamaka kukadali mdima.

Nsapato ndi zovala

Ndalama yokhayo yofunika kuononga ndi ya nsapato, ndipo za pa kaunjika zimakwana. Posankha, yang'anani kunsi ngati sizinadyeke mbali imodzi. Dinani chapakati ndi chala: pakhale pofewa koma pobwerera. Ipindeni: izipindika kutsogolo kumene kuli zala, osati pakati. Kutsogolo kutsale mpata wokwana chala chachikulu cha kudzanja, chifukwa phazi limafufuma mukamathamanga. Kayeseni masana kapena madzulo mutavala sokosi. Zamasiponji zopyapyala, ma slippers ndi nsapato za mpira zokhala ndi mano ayi.

Zovala zikhale zopepuka. Aja amavala majekete kapena kudzikulunga mapepala apulasitiki kuti "mafuta asungunuke" akudzinamiza. Chomwe chimatuluka ndi madzi, ndipo kuno kuchigwa mchitidwe umenewu ungaphe munthu. Amayi apeze bra yogwira bwino, ndipo amene samasuka ndi kabudula atha kuvala thalauza yopepuka n'kumanga chitenje chachifupi pamwamba.

Ululu wabwinobwino ndi ululu woopsa

Kuphwanya kwa ntchafu ndi akatumba tsiku lotsatira n'kwabwinobwino, ndipo kumatha pakadutsa masiku awiri kapena atatu. Kubaya kwa m'nthiti pothamanga nako kumatha mukachepetsa liwiro n'kupuma mozama. Koma ululu wa pamalo amodzi, pabondo, pamsongolo kapena pachidendene, womwe ukukula mukamathamanga kapena kukuchititsani kutsimphina, ukutanthauza kuti mupume masiku angapo. Ukapitirira sabata, kaonetseni.

Imani nthawi yomweyo ndipo pitani kuchipatala ngati pachifuwa pakuthina kapena kuwawa, makamaka ululuwo ukamafika kudzanja, kukhosi kapena kunsagwada. Ngati mtima ukugunda mosalongosoka. Ngati mukubanika modabwitsa. Kapena ngati nkhope yapotoka, dzanja lafooka kapena lilime lalemera.

Nanga zoti kuthamanga kumatha mawondo? Kafukufuku wa mu 2017 yemwe anaphatikiza zotsatira za anthu oposa 100,000 anapeza kuti nyamakazi ya m'mawondo ndi m'chiuno inapezeka mwa anthu 3.5 pa 100 aliwonse othamanga mongolimbitsa thupi, pomwe mwa anthu ongokhala inali 10.2 pa 100. Chomwe chimapweteka mawondo ndi kuchulutsa msanga. Zimathandizanso kulimbitsa miyendo kawiri pa sabata: kukhala ndi kudzuka pampando kakhumi osagwira, kunyanyamphira kakhumi mutagwira khoma, ndi kukwera ndi kutsika pakhonde.

Anthu aziti chiyani?

Kunena zoona, ichi n'chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri kuposa wefuwefu. Sabata yoyamba anyamata a kabaza ankakuwa kuti: "Madala, akuthamangitsani ndani?" Mayi wina anafunsa azakhali anga ngati kunyumba kuli mtendere. Amalume atayamba kutsika thupi, mphekesera zinayamba zoti mwina akudwala, ena amvekere bizinesi yagwa. Kwathu kuno mimba timaitenga ngati chizindikiro cha ndalama, ndipo munthu wamkulu wothamanga popanda chomuthamangitsa amaoneka ngati mutu sukuyenda bwino.

Mankhwala ake ndi kukhala ndi mnzako. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Anthu awiri akamathamanga amaoneka kuti ali pa pulogalamu, ndipo ukadziwa kuti wina akukudikira pa mphambano 5 koloko, sungapitirize kugona. Pakadutsa masabata atatu anthu amatopa nako kuseka. Mwa omwe ankaseka aja, awiri pano timathamanga nawo.

Wina akanena kuti wakula kwambiri, muuzeni za Fauja Singh, Mmwenye yemwe ankakhala ku Britain. Anathamanga mpikisano wake woyamba wa makilomita 42 ku London mu 2000 ali ndi zaka 89, ndipo mu 2011 anamaliza wina ku Toronto ali ndi zaka 100 malinga ndi pasipoti yake. Anamwalira mu 2025 atagundidwa ndi galimoto akuyenda pamsewu kwawo ku Punjab, zomwe zikutikumbutsanso za M1 zija.

Mukamaliza masabata 9

Kuthamanga mphindi 30 katatu pa sabata ndi mphindi 90, zomwe zapitirira kale mlingo wochepetsetsa wa WHO. Mutha kukhala pomwepo moyo wanu wonse ndipo zili bwino. Ofuna chowakoka mtima atha kulowa mipikisano. Be More Race ya Standard Bank ku Lilongwe imakhala ndi mitunda yaifupi ya oyamba kumene kuphatikiza pa wa makilomita 21. Ku Blantyre kumachitika mpikisano wa makilomita 42, ndipo ku Mulanje kuli Porters Race yokwera phiri kuchokera pa Likhubula, koma imeneyo si ya munthu wa chaka choyamba.

Amalume pano amathamanga mphindi 30 osaima, ngakhale makilomita asanu sanawakwanitsebe m'nthawi imeneyo. Lamba abweza mabowo awiri. Ulendo wapitawu kuchipatala makina anaonetsa 136/86, ndipo mankhwala akumwabe. Mchere wowonjezera pandiwo anasiya, koma Fanta wa masana tikukanganabe.

Ngati muli ndi kholo lomwe lauzidwa kuti liyambe kulimbitsa thupi, musangolitumizira nkhaniyi pa WhatsApp n'kukagona. Liperekezeni kukayezetsa BP sabata ino, mukasankhe limodzi nsapato tsiku la msika, ndipo Lolemba m'mawa mukagogode pakhomo. Tsiku loyamba ndi masekondi 60 okha.